Z wa M'njerwa Zanga

Zaka zimene komboni yathu ino ya George inali tchire lokhalokha, anthu tikumanga usiku umodzi mawa n'kugonamo, ine Zelipa sindinkadziwa kulemba ngakhale dzina langa. Musaseke, inu a mafoni m'manja, chifukwa kwathu ku Katete sukulu inali ya anyamata, ife yathu inali mtondo.

Tinkaumba njerwa kudambo, azimayi ambirimbiri malo amodzi, ndipo njerwa zikamauma padzuwa zinkasokonezeka, ndewu tsiku ndi tsiku. Choncho aliyense ankaikapo chizindikiro dothi lisanaume, wina mtanda, wina zala ziwiri. Mnzanga Bana Mulenga, Mbemba wa ku Kasama amene analawako sukulu, anandigwira chala nati, "Iwe, zina yako iyambira apa," ndipo anachiyendetsa padothi, kupita, kutsika mopendeka, kupitanso. Anandiuza kuti ameneyo ndi Z, wokhala kumchira kwa zilembo zonse. Ndinamukonda pomwepo, pakuti nanenso kwathu ndine chitsirizira, wodya zotsala. Njerwa iliyonse yotuluka m'chikombole changa ndinkailemba pamsana, ndipo amuna anga a Yohane, amene ankagwira ntchito za njanji n'kumabwera pamwezi kamodzi, anapeza nyumba ya zipinda ziwiri itaima.

A Yohane atamwalira, masiku amenewo kunalibe zoti mkazi wamasiye ali ndi pokadandaula ngati lero. Maliro asanazizire, alamu anga a Fakisoni, akulu awo a malemu, anatenga njinga, wailesi ndi mabulangete, ine ndili ndi ana anayi pamiyendo. Koma atanena za nyumba, mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinapita kwa tcheyamani wa dera lathu.

Anthu anadzaza pabwalo apa masana dzuwa likuswa mtengo. A Fakisoni anaima, dzanja m'thumba. "Iyi nyumba anamanga ni mufana wanga na manja yake. Mulamu ayende kumunzi na bana."

Tcheyamani anandiyang'ana. "Amai, muli na mapepala?"

"Mapepala ndilibe," ndinatero, "koma alamu asankhe okha njerwa iliyonse pakhoma, muigumule. Ngati palibe dzina langa, ndinyamuka lero."

Ana inu, musaganize kuti ndinali wolimba, chifukwa njerwa zina za pamwamba ndinachita kupempha kwa Bana Mulenga zanga zitatha, ndipo akanaloza kumeneko bwenzi inu mutabadwira ku Katete. Koma a Fakisoni, munthu wosakonda kutukula mkono, analoza pafupi ndi chiuno chawo. Anyamata anaigumula ndi chitsulo, n'kupala matope, Z uyo. Anati ndi mwayi chabe, naloza ina pambali pake, Z. Yachitatu anasolola okha ndi ukali, naitembenuza uku ndi uku, Z yemweyo.

"Ba Fakisoni," anatero tcheyamani, "mufana wanu Yohane anayamba liti kulemba Z?"

Bana Mulenga anayambitsa nthungululu, azimayi onse akudambo n'kulandira, ndipo ine ndinavina ndi nsalu yanga yamaliro yomweyo, manyazi ndinalibe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Alamu anakwera njinga ya malemu osatsanzika, ndipo njingayo ndinawasiyira ndi mtima umodzi.

Bowolo sindinalitseke. Ndinaikapo felemu, ndipo ndi windo limene watsamirapo iwe Chisomo mdzukulu wanga, n'chifukwa chake lili m'munsi chonchi ngati la nkhuku. Zilembo zinazo ndinadzaphunzira nditamera imvi, kutchalitchi, ndipo ndi zabwino ndithu, koma palibe chimene chinandiimirira pamlandu.

Tsono inu mumadziwa zilembo zonse, mumalemba ndi zala ziwiri mofulumira kuposa mlembi wa kukhoti, ine ndimanyadira. Koma mukakwatiwa, chimene mwakhetsera thukuta muziikapo dzina lanu, mwakachetechete, popanda kukangana ndi munthu. Chikondi chilipo, inde, a Yohane ankandikonda. Kungoti tsiku la mlandu iwo anali kumanda.