Dzanja Lamanja la a Liwiro

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ine wolankhulane ndine mng'ono wawo. Sukulu anailekeza ku pulayimale. Iwo ankati aphunzitsi analibenso choti awaphunzitse. Mbali ya aphunzitsiwo sitinaimve.

Mu 1980 anayamba ukalipentala, kukhoma madenga a nyumba zomangidwa kumene. Mu 1986 anakwatira alamu athu ali apawa, atawalonjeza kabati yamagalasi. Matabwa ake akadali kuseri kwa nyumba.

Sowo yamagetsi itafika pantchito, malemu anachotsa chotchinga mpeni wake, ati chimachedwetsa ndipo n'cha ophunzira kumene. Anzawo anawatcha a Liwiro, iwo n'kulikonda dzinalo. Pa 14 Ogasiti 2009, thabwa lonyowa linakanirira, sowo inadumpha n'kudula chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira za dzanja lamanja.

Kuyambira pamenepo dzanjalo linasamukira m'thumba la jekete, kaya dzuwa liswe mtengo. Moni ankapereka ndi mutu ngati bwana wamkulu. Mabatani a malaya ankawamangira ndi alamu m'mawa uliwonse, chitseko chili chotseka, ndipo alamuwo sanauzepo munthu mpaka pamaliro pano. Kuntchito malemu anabwerera ngati kapitawo, kuloza ndi lamanzere.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi mwana wawo woyamba, nayenso kalipentala, amene anachotsa chotchinga pa sowo yake. Malemu akadzudzula, mwanayo ankangomwetulira, poti anaonera kwa iwo omwe.

Anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa kuchipatala. Asanatsirizike anapempha chinthu chimodzi: dzanja lamanja lisabisidwe m'bokosi, liikidwe pachifuwa, poyera. Tachita momwemo. Ndiye amisiri nonse, mukamadutsa kuona nkhope, musafulumire. Mwana wawo woyamba uja anali pambali pa bedi pamene ankapempha zimenezi. Dzulo, asanacheke matabwa a bokosili, anayamba wabwezera chotchinga pa sowo.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawapirira, anansi amene sanatisiye tokha, ndi anzawo akuntchito amene lero azimitsa makina kudzakhala nafe.

Achimwene, manja anu agwira ntchito yokwanira. Usani mumtendere.