Mutu wa NyaGiribanova uloze kuti?

Malemu mayi Zinaida Mtende, amene kuno ku Mhuju timawatcha NyaGiribanova potengera dzina la bambo awo, anabadwa pa 9 Malichi 1974. Abusa, mafumu ndi anamfedwa nonse, tsikulo tikulidziwa, koma malo ake atisokoneza. Mwana wawo Twambilile akuti anabadwira ku Irkutsk m'dziko la Russia. Mlongo wake Chikumbusko akuti amayi ankatchula Perm. Zikuoneka kuti bambo awo ankagwira ntchito ya njanji ndipo ankasamutsidwa kawirikawiri. Nkhaniyi si yaing'ono. Pamwambo wathu womwalira amagona mutu utaloza kumene makolo ake anachokera, ndipo kuyambira dzulo adzukulu akhala akutifunsa kolozetsa.

Anayamba sukulu mu 1981. Mphunzitsi wina ataona kutalika kwawo anawatumiza ku sukulu ya masewera. Mu 1991 analembedwa ntchito yosewera basiketibolo. Inali ntchito ndithu, yodyetsa banja. Anasewera m'timu ya ku Perm, kenako ku Samara, ndipo mu 1997 anasamukira ku Kazan. Ena akuti anasewerako m'timu ya dziko lawo, ena akuti anangoitanidwa kukayesedwa. Eni ake sankakamba, nafenso tinkachita manyazi kufunsa. Twambilile akuti amayi ake ankaima pansi pa mphete yoponyeramo mpira, n'kumawakha mipira imene anzawo aphonya, n'kuwapatsiranso. Ife amene tinakhala nawo sitikudabwa.

Ku Kazan anakumana ndi achimwene athu, malemu a Horace Mtende, amene ankaphunzira udokotala wa ziweto. Anamanga ukwati mu 2000. Chaka chotsatira anavulala bondo, mpira n'kuthera pomwepo. Mu 2003 anafika kuno. Tsiku loyamba anagunda mutu pachitseko cha khitchini. M'mawa mwake tinapeza bambo athu akugumula njerwa za pamwamba pa chitsekocho.

Tonse tinkaganiza kuti mpira wawo ndi ntchemberembaye. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi kwathu, anawaika m'timu yawo mokondwa, akuti a ku Chiweta aona zakuda. Mluzu utalira, malemu anayamba kudunditsa mpira pansi uku akuthamanga nawo. Woimbira anawaletsa. Anabwerezanso, anawaletsanso. Anapepesa, n'kutuluka m'bwalo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankangonyamulira timuyo madzi akumwa. Patapita zaka anakhoma mphete yachitsulo pamtengo kuseri kwa tchalitchi, n'kumaphunzitsa atsikana mpira wawo weniweni. Ena mwa atsikanawo ndi awa avala mayunifolomu apawa.

Zambiri zimene ankachita n'zazing'ono. Mababu a m'tchalitchi ankasintha ndi iwo, opanda makwerero. Mapapaya a agogo a NyaGondwe ankathyola ndi iwo, n'kuwasiya pakhonde osagogoda. Anali ndi chizolowezi china chimene sitinachimvetse mpaka lero. Akakonzekera ulendo, kaya wa ku Rumphi Boma pompa, ankatikhazika tonse pansi kanthawi, chete, katundu ali m'manja. Kondakitala ankakuwa kumsewu kuti, "Mama, tikusiyani!" Iwo ankangokhala, kenako n'kunena kuti, "Tiyeni." Tinkayesa pemphero, koma maso sankatsinzina.

A Horace atamwalira mu 2015, tinkaganiza kuti alamu athu abwerera kwawo. Tinawauza mwaulemu kuti ali omasuka. Anangofunsa ngati mbewu ya nyemba tagula kale.

Anayamba kudwala mu Janyuwale chaka chino. Anagonekedwa ku chipatala cha Rumphi, kenako ku Mzuzu, kumene anawapeza ndi khansa ya m'mimba. Anatisiya Lolemba pa 14 Julayi 2025, ali ndi zaka 51.

Tsopano za manda zija. Adzukulu anati tingoloza ndi dzanja. Chikumbusko anatsegula mapu pa foni, ndipo Russia anayambira cha ku Nyika mpaka kutsidya kwa nyanja. Dzanja limodzi silinakwane. Akulu ena anati titenge Irkutsk, ena anati Perm. Twambilile anaimbira foni mng'ono wa malemu, mayi Anna, amene anayankha akulira kuti kwawo salozetsa kumudzi, koma miyendo imaloza kotulukira dzuwa. Apa tinasokonezeka kuposa poyamba. Tinapemphera, koma tinadzuka tili osagwirizanabe.

Lero m'mawa azakhali athu a Kezia anati, "Munthu wakusambitsirani amayi anu mpaka kuwatseka maso, inu mukufunsabe kwawo? Mugonekeni mmene munagonekera Horace." Choncho adzukulu, yankho lanu ndi limenelo. Mutu uloze kumene makolo a kwa Mtende anachokera, pambali pa amuna awo. Sindinganame kuti tonse mitima yakhazikika. Ngati talakwitsa, Mulungu akudziwa kumene kuli Russia, ndipo sadzavutika kuwapeza.

Malemu asiya ana awiri, Twambilile ndi Chikumbusko, mdzukulu mmodzi, Temwa, ndi mng'ono wawo mayi Anna, amene akutimvera pa foni ili m'manja mwa Twambilile. Tikuthokoza anamwino amene ankaika mpando kumapeto kwa bedi kuti mapazi a odwala asalendewere. Tikuthokoza a Elias, kalipentala, amene anakhomanso bokosi lachiwiri osadandaula, loyamba litafupika. Amayi a Umanyano, adzukulu ndi nonse amene munabwera ndi nkhuni, yewo chomene.

Banja lili ndi pempho limodzi. Tisananyamule bokosi, amene mwaimirira khalani pansi, ndipo a kwaya mudikire kaye. Tikhale chete kanthawi monga ankachitira eni ake. Tanthauzo lake sitikulidziwa, koma sanayambepo ulendo osatero, ndipo uwu ndi wautali. Twambilile akanena kuti "Tiyeni", tidzuke.

Mzimu wa alamu athu uuse mumtendere wa Ambuye.