Tsiku Limene Ndinadzutsa Mutu

Abusa, amayi abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mundikhululukire, kuima kutsogolo kuno sindinazolowere. Komabe ndikufuna kuchitira umboni.

Ine ndinakulira kumudzi. Kumeneko anatiphunzitsa kuti mtsikana waulemu amayang'ana pansi, amalandira chinthu ndi manja awiri, ndipo munthu wamkulu samukanira pamaso. Ulemu umenewo ndinabwera nawo kwa azakhali ku Zengeza nditapeza malo ku yunivesite.

Kompyuta sindinkaidziwa, abale. Mnyamata wina wa chaka chomaliza anayamba kundithandiza, ine n'kumamutcha achimwene. Akandigwira phewa, ine maso pansi. Akandigwira m'chiuno, ine maso pansi, mtima ukulira. Anzake ankaseka, amvekere mtsikana akayang'ana pansi ndiye kuti wavomera. Ngakhale Rudo, mnzanga wa m'kalasi, ankati ndisakhumudwitse munthu wondithandiza, anyamata ndi mmene alili.

Tsiku lina masana mnyamata uja anandiitanira kuchipinda kwake kuti tikamalize ntchito ya kusukulu. Nditangokhala, anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba. Amayi muli muno, mukudziwa chimene ndikunena. Ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye, nditseguleni pakamwa. Kenako ndinadzutsa mutu, ndinamuyang'ana m'maso, ndinati, "Sindikufuna. Tsegulani chitseko." Iye anaseka kuti amenewo ndi manyazi akumudzi chabe. Ndinabwereza mokuwa mpaka a chipinda china anagogoda. Anatsegula.

Koma mawa lake kunali kunyozedwa, akuti ndine wosayamika. Ndinasiya sukulu. M'mawa ndinkanyamula chikwama ngati ndikukakwera kombi, minibasi yopita kusukulu, n'kukabisala kwa mnzanga wina kudera la Unit K. Azakhali atazindikira, ndinawafotokozera zonse, ndipo sanandikalipire. Anati, "Mwana wanga, ulemu tinakuphunzitsa mbali imodzi yokha. Mbali inayo ndi imene wachitayi." Anandiperekeza iwo eni ku ofesi yoona za ophunzira, ndipo nkhani ikufufuzidwa.

Nditabwerera m'kalasi, Rudo anandikokera pambali, misozi ili m'maso. Anati nayenso mnyamata yemwe uja anamukhomerapo chitseko chomwecho, koma iye mawu sanatuluke. Anandipempha kuti ndimuperekeze ku ofesi ija, ndipo tinapita titagwirana manja. Mumupempherere.

Mawa ndikuyamba mayeso. Akuluakulu ndimawagwadirabe, azakhali ali apowa ndi mboni. Koma taonani, chiyambire kulankhula ndakhala ndikukuyang'anani m'maso. Zikomo Ambuye pondidzutsa mutu. Mpingo wa Mulungu, kondwerani nane. Ameni.