Alamu anga anawononga dzanja la amuna anga

Ndine mayi wa ku Namadzi, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa. Amuna anga ali mkati momwa mankhwala a khate, zigamba za pakhungu pawo zinatupa n'kufiira, thupi likutentha, chigongono chikuwawa koopsa. Akulu awo anataya mankhwalawo m'chimbudzi.

"Mlamu, achipatala akundiphera mphwanga," anatero, n'kupita nawo kokatemera mphini. Nditaletsa, anati mkazi alibe mawu.

Pomwe tinkafika kuchipatala, zala zinali zitapindika kale. Adokotala anati, "Mayi, kutupa kotereku kumachitika, ndipo kuli ndi mapilitsi ake. Mukanafulumira, dzanjali likanapulumuka."

Anzanga omvera wailesi, khungu likatupa thamangirani kuchipatala. Amuna anga anali telala, lero sangagwire ngakhale singano. Alamuwo sanapepese, akuti ndi chifuniro cha Mulungu. Ine ndinasiya kuwapatsa moni.