Anati ndine tambala wobwereka

Moni kwa inu amene timapemphera pamodzi, ndi kwa inu amene muwerenga izi muli kutali. Sindine munthu wa mawu ambiri. Koma za mwana wanga Rozita, amene anatsala pang'ono kufera m'manja mwa mwamuna wake ine ndikuona, ndiyenera kuzinena kuti Mulungu alandire ulemu wake.

Ndimakhala kumudzi kwa akazi anga, kufupi ndi Nsadzo. Ndine mkamwini. Ndalima dothi limenelo mpaka imvi, koma ana amene ndinabereka ndi a mbumba ya akazi anga, ndipo mwini mbumba ndi alamu anga a Bonifasiyo. Ndi mwambo wathu, ndipo sindinkadandaula nawo.

Rozita anakwatiwa ndi Zakeyo, mnyamata wonyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija, ku Cassacatiza, ndipo anamutenga chitengwa. Mvula yoyamba isanathe, mwana anabwera kwathu diso litatupa. Ankhoswe anakhala pansi, alamu anga ali patsogolo. Zakeyo anagwada, napereka nkhuku yopepesera. Nkhuku inadyedwa, Rozita anabwerera. Anabweranso dzanja atalikulunga m'chitenje. Nkhuku ina inadyedwa. Ndinafika podana ndi fungo la nkhuku yophika.

Ulendo umene anabwera magazi akutuluka m'khutu, ndinaimirira pamaso pa ankhoswe ndi kunena kuti mwanayu asabwererenso. Alamu anga anamwetulira.

"Alamu, khalani pansi. Tambala wobwereka sawerenga anapiye."

Anthu anaseka. Akazi anga anaweramitsa mutu. Ndinakhala pansi, ndipo mwana wanga anakwezedwa pa mota ya munthu yemwe uja.

Ndinapita kwa akulu a mpingo. Anandiuza kuti banja ndi kupirira, ndi kuti adzatikumbukira m'mapemphero. Kuyambira pamenepo ndinkapemphera mokwiya. Ndinkati, Ambuye, akuti mwanayu si wanga. Chabwino, ndi wanu. Nanga inu mwakhaliranji chete? Foni ikalira ndili kumunda, ndinkaganiza kuti ndi uthenga wa maliro.

Khutu lija linayamba kutuluka mafinya, ndipo Zakeyo anamutumiza kwathu kuti timuchiritse, ngati njinga yoti ikonzedwe ndi kubwezedwa. Kunyamula wodwala palibe amene amaletsa mkamwini. Ndinapita naye ulendo wautali mpaka kuchipatala cha ku Chifunde. Namwino ataona khutu ndi zipsera za pamsana, sanafunse zambiri. Anatilozera achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, amene anakhala pakhonde ndi tebulo laling'ono. Anati ndi ophunzira zamalamulo ochokera mumzinda wa Tete, obwera pa esitajiyo, ndiko kuti kudzaphunzira ntchito poigwira, ndipo amathandiza amayi ochitiridwa nkhanza.

Ndinawaona ngati ana. Nsapato zawo zinalibe fumbi. Mnyamatayo ankangodziwa Chipwitikizi, koma mtsikanayo, dzina lake Selestina, anali wa ku Angonia ndipo ankalankhula monga ife. Ndinamuuza mwachidule kuti ine ndine bambo chabe, mwini nkhani watsala kumudzi.

"Bambo, pamalamulo a dziko, kumenya mkazi si nkhani ya m'banja," anatero. "Ndi mlandu wa boma. Aliyense angathe kukanena, ngakhale woyandikana naye nyumba. Ndipo ukalowa, palibe nkhoswe amene angauchotse. Koma dikirani ndifunse aphunzitsi anga, ndingakunamizeni."

Anaimba foni ine ndikumva. Aphunzitsiwo anavomereza. Ndinamukhulupirira chifukwa cha kufunsako, pakuti anthu onse amene ndinapitako kale analibe chokayika chilichonse.

Kenaka anatembenukira kwa Rozita. Anamufunsa kawiri, osayankhidwa, mpaka nkhope yake inagwa poganiza kuti akumukana. Ndinamuuza kuti wakhala kumbali ya khutu lakufa. Anachita manyazi, nanyamuka pampando, nakakhala pansi kumanja kwake.

"Achemwali, inuyo mukufuna chiyani?"

Pa milandu yonse ya ankhoswe, palibe anamufunsapo funso limenelo. Rozita anayang'ana ine, kenaka anayang'ana pansi.

"Sindikufuna kubwererako."

Achinyamata aja anatiperekeza kwa apolisi, anatibwezanso kwa dotolo kuti aone mabala onse, ndipo anamukonzekeretsa Rozita mmene adzalankhulire kubwalo la milandu. Zina ankalakwitsa. Tsiku lina anatiimika pakhomo la ofesi yolakwika mpaka dzuwa linapendeka. Koma sanatisiye.

Nkhani itamveka kumudzi, alamu anga anafika ku Chifunde pamodzi ndi nkhoswe wa Zakeyo. Ulendo uno sinali nkhuku. Anamanga mbuzi kumbuyo kwa mota. Anauza wapolisi kuti abwera kudzachotsa mlandu wawo kuti akaukambe kumudzi. Wapolisi anati mlanduwo si wawo. Pamenepo alamu anatembenukira kwa Selestina, amene anaima pafupi ndi Rozita.

"Iwe mtsikana, unakwatiwa?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye za banja udziwapo chiyani?"

"Za banja sindidziwa, bambo. Ndikudziwa za khutu ili."

Selestina sanasunthe. Mbuzi ija inabwerera yamoyo.

Bwalo linamupeza Zakeyo wolakwa ndipo linamuletsa kuyandikira Rozita. Chilango chake, kwa ine, chinachepa. Khutu la mwana wanga silidzamvanso, ndipo palibe woweruza amene angalibweze. Alamu anga anandilanda dimba limene ndinalitsegula ndi manja anga ndili mnyamata. Satipatsa moni. Pamaliro ndikakhala pansi, amuna ena amasuntha. Akulu a mpingo aja, poona kuti mwana wapulumuka, anati mapemphero awo ayankhidwa. Akazi anga okha, amene sanatsutsepo mlongo wawo chibadwire, anayala mphasa ya Rozita m'nyumba mwathu, ndipo atatumiziridwa mawu akuti amutulutse, anakana.

Ophunzira aja nthawi yawo itatha anabwerera ku Tete. Sindinawathokoze mokwanira, chifukwa pakamwa panga ndi polemera. Ndikuthokoza pano. Ndinkadikira kuti Mulungu ayankhe kudzera mwa akuluakulu, koma anatuma mwana wa sukulu wosakwatiwa, amene ankayamba wafunsa aphunzitsi ake. Dzina la Ambuye lilemekezeke.

Mtima wanga sunapole, ndipo sindikunamizani kuti ndakhululukira onse. Ndikupemphererabe zimenezo. Koma kwa inu abambo anzanga amene mwana wanu akubwera ndi mabala, ndi kwa inu amayi amene mukubisa zipsera m'chitenje, ndikuti musaleke kupemphera, ndipo musalekenso kuyenda. Pitani kuchipatala, pitani kwa apolisi, funsani. Nkhuku yopepesera ikabwera kachiwiri, musadye.

Rozita ali moyo. Ndikafuna kulankhula naye ndimaima kumanja kwake, ndipo amayankha kuti, "Ababa." M'mawa uno tambala wobwereka uja wawerenga anapiye ake. Onse alipo.