Kachitsulo Kokhota ka pa Mfuti ya Ba Sanford

Chaka cha 1996, nitangovula zakuda za amuna anga ba Sanford, ninali kuyembekeza basi pa Chongwe. Pafupi nane mdala wina anayamba kufunsa mnyamata amene ananyamula mfuti mu saka.

"Mwana wanga, mfuti iyo uipeleka kuti?"

"Nikaigulitse, ba tate. Nguluwe zanithera chimanga, koma nikawombera, chipolopolo chipita kumanzere. Dzulo ninapha chiswe pa chulu."

"Tabweretsa niione. Aa! Waya wa kopa uyu kumtengo wa mfuti niudziwa. Unaitenga ku Bundabunda?"

"Ee, ninagula kwa abale a malemu wina wake."

"Ni ya Sanford iyi! Nanga kachitsulo koyang'anirapo aka, wakawongola ndani?"

"Ine. Kanali kokhota, ninakakonza na pulayasi."

"Mayo! Wakonza chokonzakonza. Mfuti iyi ni nkhalamba, mpaipi wake unayamba kale kukokera kumanzere. Sanford anakhomera chitini pa mtengo, nawombera, napinda kachitsulo pang'ono, nawomberanso, mpaka chitini chinabooka pakati. Kuchokera apo sanaphonyepo."

"Sure, ba tate?"

"Funsa ku Bundabunda konse. Akazi ake anali kuteleka madzi ophikira nyama akangomva mfuti yalira kamodzi. Kachiwiri kunalibe."

"Manje nichite bwanji? Chimanga chatsala pang'ono."

"Usagulitse. Bwerera, funa chitini, upinde kachitsulo monga unakapezera. Munthu uja anapita, koma diso lake analisiya pamenepo."