Dothi la Kwawo kwa a Rapson

Kodi mungalote chimene namwino wina anali nacho m'kabotolo pa siteji ya basi ku Selly Oak, kudziko la azungu? Bambo wina wachimalawi atamumva akuyankhula Chichewa pafoni, anamuyandikira n'kuloza kabotoloko.

"Zakumudzi zimenezo, mayi?"

"Ayi, bambo. N'za a Rapson, gogo wachizungu amene ndikuwasamalira kuwodi. Madokotala akuti sabata ino saimaliza."

"Pepani. Abale alipo?"

"Palibe amene amabwera. Amangondichonderera kuti ndiwaperekeze kwawo. Anabadwira m'tinyumba togundana misana tija ta antchito a m'mafakitale. Mabanja khumi, mpopi umodzi."

"Si anatigwetsa kalekale timeneto?"

"M'ma 1960. Aboma anati n'tauve, anthu n'kuwabalalitsa. Ndiye ndinapita kwa gulu lofufuza mbiri ya dera, lomwe limakumana kulaibulale. Anasanjika mapu akale pa atsopano mpaka anandilozera pamene panali khomo lawo."

"Mwafikapo?"

"Ndikuchokera komweko. Malume anga atamwalirira ku Joni, amayi anatumiza dothi la pakhomo loti akathire m'manda mwawo. Ndiye ndimati ndikawatapire agogowa kadothi ka kwawo, akagwire asanatisiye."

"Mwalipeza?"

"Ndazungulira kawiri ndi supuni m'manja, mlonda wa pamalopo akundiyang'anitsitsa. Ngakhale udzu palibe."

"Nanga mukawauza chiyani?"

"Maso awo anafooka kale. Ndikangowakhuthulira m'manja."

Basi itafika, namwinoyo anakwera atafumbata kabotolo kake. Munali timiyala ta phula ta pamalo oimikapo magalimoto, pomwe kale panali khomo la a Rapson.